Phazi losapweteka ndilo loyenera kuliopa

Ku Dedza mwezi wa June kukazizira, munthu amayandikira moto mpaka kufuna kuulowa. Malume anga, omwe panthawiyo anali ndi zaka zopitirira 70 ndipo anali atakhalitsa ndi matenda a shuga, ankakonda kukhala pampando wa ndalema mapazi atawatambasulira kumbaula. Usiku wina tulo tinawaba ali pomwepo. Amene anazindikira kuti zinthu zalakwika ndi kamdzukulu kawo, ndipo kanazindikira ndi mphuno.

"Agogo, chidendene chanu chikupsatu!"

Iwo anadzidzimuka, n'kuyang'ana phazilo ngati la munthu wina. "Aa, iwe, ine sindikumva kanthu."

Sankanama ayi. Tuza linatuluka lalikulu ngati dzira la nkhuku, linaphulika, ndipo chilonda chake chinatiyendetsa kuchipatala miyezi ingapo. Nthawi yonseyo malume sanadandaulepo za ululu ngakhale tsiku limodzi. Chimene ankadandaula ndi ndalama za minibasi.

Ambirife timayesa thanzi la phazi ndi ululu: likapweteka ndiye kuti ladwala, likakhala chete ndiye kuti lili bwino. Muyeso umenewu umagwira ntchito kwa mnyamata wa zaka 20. Kwa munthu wokalamba umanamiza, ndipo miyendo yambiri imene imadulidwa m'zipatala imayambira pa kachilonda kamene mwini wake sanakamve n'komwe.

Phazi limaoneka ngati chinthu chimodzi chongoponda pansi, koma mkati mwake muli mafupa 26 ndi mfundo 33, zomangidwa pamodzi ndi minofu ndi mitsempha yoposa 100. Mukawerengera mapazi onse awiri, mafupa 52 mwa mafupa 206 a thupi la munthu wamkulu ali kumeneko. Pansi pa chidendene ndi pansi pa zala pali mafuta okhuthala omwe ali ngati kamtsamiro kotchinjiriza mafupa munthu akamaponda. Zaka zikamapita kamtsamiroka kamaphwa, n'chifukwa chake gogo amene kale ankapita kuchigayo osavala nsapato lero amati miyala ikumulasa ngakhale pabwalo losesa. Mitsempha yomanga mafupa imatamuka, phazi n'kufutukuka m'lifupi ndiponso kutalikirako pang'ono. Khungu limauma chifukwa thukuta ndi mafuta ake zachepa, ndiye zikang'a zimayamba kuzama. Zikhadabo zimakula pang'onopang'ono koma zimakhuthala, zina mpaka kupindika ngati nyanga ya nkhosa. Zonsezi ndi ukalamba chabe, si matenda. Vuto limabwera zikakumana ndi zinthu ziwiri: mitsempha yomvera ikafa dzanzi, ndi magazi akamafika mopereweza.

Tiyambe ndi dzanzi, chifukwa mpamene pagona nkhani.

Mitsempha imene imatengera uthenga kuchokera kuzala za kuphazi kupita kumsana ndi yaitali kwambiri m'thupi lonse. Zambiri zowononga mitsempha zimayambira kuutali kumeneko. Poyamba munthu amati mapazi akuyaka moto usiku, kapena akulasalasa ngati singano, kapena akumva ngati nyerere zikuyenda. Ena amati akamayenda amamva ngati aponda thonje, kapena ngati avala masokosi pomwe sanavale. Pakapita zaka, kuyaka kuja kumatha, ndipo wodwala amasangalala kuti wachira. Nthawi zambiri sikuti wachira, koma kuti mitsempha ija yaferatu.

Amene anathandiza dziko kumvetsa kuopsa kwa zimenezi ndi dokotala wa ku Britain, Paul Brand, yemwe anayamba ntchito ku Vellore m'dziko la India mu 1946. Panthawiyo anthu, ngakhale madokotala, ankakhulupirira kuti khate limadya mnofu, zala n'kumangothothoka zokha. Brand ataonetsetsa odwala ake anapeza kuti mnofu wawo unali wabwinobwino. Chimene khate linawalanda ndi ululu. Munthu amaponda msomali osamva, amayenda tsiku lonse ndi kamwala m'nsapato, chilonda chimalowa tizilombo, iye n'kumapitiriza kuchiponda chifukwa palibe chomuuza kuti atsimphine. Anapezanso kuti ena makoswe ankawatafuna zala usiku ali m'tulo, moti anayamba kumapatsa odwala mphaka akamabwerera kwawo. Pambuyo pake, akugwira ntchito ku Carville m'dziko la America, anaona kuti mapazi a anthu a shuga amawonongeka mwanjira yomweyo. Za makoswezo musazitenge ngati nthano yakale: madokotala a ku Dar es Salaam analembapo za odwala shuga obwera ndi zilonda za kulumidwa ndi makoswe kumapazi.

Kwathu kuno zoyambitsa dzanzi lotere n'zingapo. Shuga ndiye wamkulu, makamaka amene wakhala zaka osadziwika kapena osatsika. Mowa wa tsiku ndi tsiku, kachasu makamaka, umachita chimodzimodzi. Kuchepa kwa vitamini B12 kumabweretsanso dzanzi, ndipo amene amwa metformin, mankhwala a shuga aja, kwa zaka zambiri vitaminiyu amatha kuwachepera. Mankhwala a TB otchedwa isoniazid nawo amavulaza mitsempha, n'chifukwa chake achipatala amawapereka pamodzi ndi kam'bulu ka vitamini B6, kamene ena amakataya poganiza kuti n'kosafunika. Palinso gulu limene timaliiwala: anthu amene anayamba ma ARV boma litangoyamba kuwapereka mwaulere mu 2004. Mankhwala oyambirirawo, Triomune, anali ndi stavudine, yemwe anapulumutsa miyoyo yambiri koma anasiya dzanzi m'mapazi mwa anthu ochuluka, mpaka anasiyidwa cha m'ma 2013. Ambiri mwa anthu amenewo lero ndi agogo. Khate nalo, ngakhale linachepa kwambiri, silinatheretu, ndipo mankhwala ake ndi aulere.

Kuchipatala amayesa dzanzi ndi kaulusi ka pulasitiki komwe kamapindika kakakanikizidwa ndi mphamvu ya magalamu 10. Koma pali njira ina yosafuna chida chilichonse, yomwe madokotala a ku Ipswich ku England anaifalitsa mu 2011, ndipo mungaichite pakhonde. Wokalambayo avule nsapato, atambasule miyendo, atseke maso. Inu ndi nsonga ya chala chanu cholozera mukhudze pang'ono nsonga ya chala chachikulu, chapakati ndi chaching'ono, phazi lililonse, kwa sekondi imodzi kapena awiri. Osadina, osakanda, osabwereza, kungokhudza basi. Iye azinena kuti "eya" akamva. Ngati pa zala zisanu ndi chimodzizo pali ziwiri kapena kuposerapo zimene sanamve, phazi limenelo lataya mlonda wake. Kuyambira tsiku limenelo maso ndiwo ayenera kugwira ntchito imene ululu unkagwira.

Za magazi n'zachidule koma n'zoopsa mofanana. Mitsempha yopititsa magazi kumiyendo imachepa njira chifukwa cha fodya, shuga, BP ndi mafuta m'magazi. Chizindikiro chodziwika ndi ululu wa m'katumba umene umabwera munthu akayenda mtunda wakutiwakuti, n'kutha akaima pang'ono, n'kubweranso akayambanso kuyenda. Zikakula, zala zimapweteka usiku munthu atagona, ndipo amapezako bwino akalendewetsa mwendo m'mbali mwa bedi. Phazi limazizira, ubweya wa pamwendo umatha, khungu limanyezimira. Magazi akamayenda bwino, kugunda kwake kumamveka pamwamba pa phazi ndi kumbuyo kwa kakolo wamkati. Phazi losafika magazi okwanira silipoletsa chilonda, ngakhale chaching'ono ngati cha lezala, ndipo chala chikayamba kuda ndi nkhani ya tsiku lomwelo, osati yodikira malipiro a mwezi.

Dzanzi ndi kuperewera kwa magazi zikakumana m'phazi limodzi, ziwerengero zake n'zosasangalatsa. Akatswiri amati mwa anthu 100 a shuga, pakati pa 19 ndi 34 adzakhalapo ndi chilonda cha kuphazi pamoyo wawo, ndipo mwa amene chilonda chapola, pafupifupi 40 mwa 100 chimawabwerera chisanathe chaka. Miyendo yambiri yodulidwa chifukwa cha shuga imakhala kuti inayamba ndi chilonda chotere.

Apa ndiye pamene timalakwitsa kwambiri, ndipo timalakwitsa chifukwa cha chikondi. Gogo akati mapazi akuyaka, wina amati waponda mankhwala, amutchera panjira ya kumunda, ndiye amapita naye kokatema mphini. Sindikufuna kukangana ndi munthu pa zimene amakhulupirira, koma mphini khumi pa phazi la shuga ndi zilonda khumi, zotemedwa ndi lezala imene mwina yatema kale anthu ena, n'kupakidwa phulusa. Wina amawiritsa madzi, kuthiramo mchere, n'kunyika mapazi a gogo kuti magazi ayende. Gogoyo sangakuuzeni kuti madziwo atentha kwambiri. Wina amasenda khungu lokhuthala la pansi pa phazi ndi mpeni. Chilonda chikabwera timathirapo mankhwala otsukira mano, kapena kutsegula kapisozi n'kuwazapo ufa wake, n'kumanga ndi chigamba. Pofika kuchipatala pamakhala patadutsa milungu itatu, fungo litadzaza nyumba. Ndiye mbiri imafala m'mudzi yoti kuchipatala amangodula miyendo, ndipo wotsatira amachedwa kuposa woyambayo.

Chofunika kuchita tsiku ndi tsiku n'chochepa moti chimaoneka ngati chopanda pake. Madzi a m'beseni akhale ofunda chabe, ndipo muwayese ndi chigongono chanu, osati ndi phazi la mwini wakeyo. Sopo wamba ndi wokwanira. Osanyika mapazi nthawi yaitali, chifukwa khungu likafewa kwambiri limang'ambika, likauma n'kuumiratu. Popukuta, nsalu ilowe pakati pa zala chimodzichimodzi, makamaka pakati pa chachinayi ndi chaching'ono, pomwe chinyezi chimabisala, khungu n'kuyera, kunyerenyesa ndi kusweka. Kenako mafuta odzola, vaselini kapena gilisalini, apakidwe kuchidendene, pansi ndi pamwamba pa phazi, koma osati pakati pa zala. Mwala wokwechera zikang'a ndi wabwino kwa amene phazi lake limamva, bola azikwecha pang'onopang'ono. Kwa wa dzanzi ndi bwino kuusiya, chifukwa sadziwa polekezera. Ndipo pamene mukupukutapo mpamene mumayang'ana: tuza, mng'alu, malo ofiira kapena akuda kuposa ena, malo otentha kuposa phazi linalo, banga la magazi m'sokosi. Khungu lokhuthala lomwe lili ndi kadontho kakuda pakati nthawi zambiri limakhala likubisa chilonda pansi pake. Amene amakhala yekha angagwiritse ntchito kalilole woika pansi kuti aone kunsi kwa phazi.

Zikhadabo ziwengedwe akangomaliza kusamba, zikadali zofewa, ndipo ziwengedwe mowongoka, osalowa m'makona ngati mmene timachitira ndi za kumanja. Kona ikadulidwa mozama, chikhadabo chikamakula chimalowa m'mnofu. Lezala ndi imene ambiri timagwiritsa ntchito, koma m'manja mwa munthu amene maso achita ng'ala ndipo manja amanjenjemera, ndi chida choopsa. Chowengera zikhadabo cha kumsika n'chotchipa poyerekeza ndi ulendo umodzi wa kuchipatala. Chikhadabo chokhuthala kwambiri musalimbane nacho, chipaleni pamwamba pang'onopang'ono, kapena mupite nacho kwa achipatala. Chikhadabo cha chala chachikulu chikazuka chimatenga chaka, mwinanso chaka ndi theka, kuti chimerenso chonse.

Nsapato ndi nkhani ina yomwe ana a m'tauni timaiphonya. Mwana ali ku Lilongwe kapena ku Johannesburg akufuna kusangalatsa bambo ake pa Khirisimasi, ndiye amagula nsapato yachikopa yosongoka, saizi imene amaikumbukira kuyambira ali kusukulu. Phazi la bambowo linafutukuka kalekale. Koma poti ndi mphatso ya mwana, amaivala kutchalitchi, kuyenda nayo makilomita anayi, n'kubwera ndi matuza omwe sanawamve. Njira yosavuta ndi iyi: wokalambayo aimirire pa katoni madzulo, nthawi imene mapazi amakhala atatupako, wina azungulize phazi lililonse ndi pensulo, n'kudula motsatira mzerewo. Kakatoni kameneko mupite nako kukaunjika kapena kusitolo. Kakalowa m'nsapato popanda kupindika m'mbali, n'kutsala malo okwana chala chachikulu cha kumanja kutsogolo, nsapatoyo ndi yake. Ikhale yotambalala kuzala, yogwira chidendene, yomanga ndi zingwe kapena lamba, yosaterera pansi. Yatsopano ivalidwe maola ochepa masiku oyamba, kenako muone ngati yasiya zizindikiro. Ndipo asanavale nsapato iliyonse, aigwedeze ndi kupisamo dzanja. Kamwala, njere ya chimanga, msomali wotulukira mkati, zonsezi zapezekapo m'nsapato za anthu amene anayenda nazo tsiku lathunthu.

Patapata ndi wabwino pobafira, ndipo amaposa kuyenda pansi, koma sateteza zala ku chitsa kapena munga, kalamba kake kamapekesa pakati pa zala, ndipo amavuka munthu akapunthwa. Jombo za kudimba zimateteza bwino, bola zivalidwe ndi masokosi ndipo ziumitsidwe mkati. Ndikudziwa kuti kuuza gogo wa kumudzi kuti asamayende wopanda nsapato kuli ngati kumuuza kuti asiye nsima. Komabe dothi la mu October masana limawotcha phazi losamva mofanana ndi mbaula ija.

Nsapato ikukhudzanso kugwa. Bungwe la WHO limati mwa anthu 100 a zaka 65 kupita m'tsogolo, pakati pa 28 ndi 35 amagwa chaka chilichonse, ndipo kuthyoka fupa la m'chiuno pamsinkhu umenewu kumagoneka ambiri osadzukanso. Phazi ndilo limauza ubongo mmene nthaka ilili, ndiye likafooka kapena kuchita dzanzi munthu amadzandira, makamaka mumdima popita kuchimbudzi. Pa kafukufuku wa ku La Trobe University ku Melbourne, yemwe anasindikizidwa mu 2011, okalamba 305 omva kupweteka mapazi anagawidwa pawiri. Amene anapatsidwa zoika m'nsapato, malangizo a nsapato zoyenera ndi masewera olimbitsa mapazi anachepetsa kugwa ndi 36 peresenti. Masewera otere si a ndalama: kunyamuka ndi zala atagwira mpando, kuzunguliza akakolo, kukoka nsalu pansi ndi zala, kutola timiyala ndi zala n'kumaponya m'mbale. Adzukulu amawakonda masewera amenewa, ndipo pampikisano wa timiyala amapambana ndi iwo.

Kutupa nako kuli ndi nkhani yake. Mapazi onse awiri akatupa, mukadina n'kutsala dzenje, kawirikawiri vuto limakhala kutali ndi phazi: mtima, impso, chiwindi, kapena mankhwala a BP monga amlodipine ndi nifedipine. Musasiye mankhwalawo panokha. Kauzeni amene anakupatsani, akhoza kusintha. Mwendo umodzi ukatupa mwadzidzidzi n'kumapweteka, makamaka munthu atagona nthawi yaitali kapena atayenda ulendo wautali pabasi, angakhale magazi oundana, ndipo si zodikira mawa. Chala chachikulu chikatupa usiku umodzi, kufiira ndi kupweteka moti ngakhale bulangeti silingachikhudze, nthawi zambiri ndi gauti, yomwe imakonda omwa mowa, odya nyama zam'kati kwambiri, ndi ena omwa mankhwala a BP otchedwa HCTZ. Apa ambiri amathamangira kugolosale kukagula indosidi kapena bufeni n'kumamwa milungu, osadziwa kuti mankhwala amenewa amapweteka impso ndi chifu cha munthu wokalamba.

Matekenya timawatenga ngati matenda a ana, koma nkhalamba zokhala zokha m'nyumba zafumbi ndizo zimakhala nawo ambiri. Kautitiri kakakazi kamaboola khungu m'mbali mwa chikhadabo kapena pakati pa zala, n'kutupa ndi mazira. Kukatula ndi pini kapena munga kumasiya dzenje lolowera tizilombo, kuphatikizapo ta kafumbata, ndipo abambo achikulire ambiri sanabayitsepo katemera wa kafumbata chikulire. Kuzira nyumba, kusesa, kutulutsa ziweto pogona anthu ndi kusamba mapazi ndi sopo kumathandiza kuposa pini. Gogo wodzadza matekenya nthawi zambiri ndi gogo amene palibe akumuyendera.

Ndipo zonsezi zimabwerera pamenepo. Malangizo oti "muziona mapazi anu tsiku ndi tsiku" amaperekedwa kwa munthu amene msana sulola kuwerama, mawondo ali ndi nyamakazi, maso saona bwino. Pafunika munthu wina. Koma mwambo wathu sutiphunzitsa kugwira phazi la bambo kapena la apongozi, ndipo akuluakulu enieniwo amabisa. Malume anga chidendene chitapsa ankavala masokosi ngakhale masana kuti alendo asaone, ndipo mlongo wawo, mayi anga, ndi amene anawalankhula mosapsatira: "Achimwene, mbewa ya manyazi inafera kuuna. Vulani tione." Pa banja lililonse pamakhala mmodzi amene gogo amamasuka naye, kaya ndi mdzukulu, kaya mlongo, kaya mnzake wa kumpingo. Ameneyo apatsidwe ntchitoyi, ndipo auzidwe zoyenera kuyang'ana.

Akatswiri a mapazi okhaokha, monga amene amapezeka ku Britain kapena ku South Africa, kuno sapezeka wambawamba. Chimene tili nacho ndi masiku a sikelo ya shuga ndi BP m'zipatala, pomwe dokotala mmodzi amaona mzere wautali, kuyeza, kulemba m'buku ndi kuitana wotsatira. Pa liwiro limenelo phazi lobisika m'nsapato silionedwa. Malume ataphunzira, anayamba kuvula nsapato ndi masokosi ali pabenchi podikira, n'kulowa m'chipinda cha dokotala atazinyamula m'manja pamodzi ndi buku lawo la kuchipatala. Anzawo pamzere ankawaseka kuti akulowa ngati mumzikiti. Iwo ankangokhala pansi, kutukula phazi n'kuliika pampando.